Anamuperekeza Mpaka ku Midland

Linali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, nyengo imene kuzizira kwa ku Perth kumalowa mpaka m'mafupa. Dzuwa linali litapendeka. Callista anali kukhitchini akukazinga nkhuku ndi tchipisi, diso limodzi pa chiwaya, lina pa zenera loyang'ana kugeti. Mwana wake Tawina, wosakwana zaka zitatu, anali kuseri kwa chitseko cha pabalaza akugogoda ndi supuni.

Amenewo anali masewera a m'nyumbamo. Mwanayo Chichewa ankamva ndithu, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno. Ndiye bambo ake anamuphunzitsa mawu awiri oti asadzawataye: wina akati odi, iwe uziti lowani. Tawina anawakonda mawuwo moti ankagogoda paliponse, pa firiji, pa kabati, ngakhale pa mutu wa mayi ake.

Tsiku limenelo mtima wa Callista unali m'mwamba. Mwamuna wake, Stephano, anali atapita kukaona sitima ya nkhondo imene inagona pansi pa nyanja.

Stephano ankawotcherera zitsulo ku migodi ya kumpoto. Ankapita pa ndege, n'kukhala kumeneko masabata angapo, kenako n'kubwera kudzapuma. Anzake akabwera kudzapuma, nthawi inkathera pa mpira ndi mowa. Iye anagwidwa ndi matenda ena, a kudaiva, kumira pansi pa nyanja ndi mpweya wa m'silinda. Anayambira m'madzi osaya, kuonera nsomba. Kenako anayamba makosi, ina ikatha ina, aliyonse yomutsitsa pakuya kuposa yoyamba. Galaja inadzaza masilinda a mpweya, masuti a labala, matochi ndi zingwe, mpaka galimoto inayamba kugona panja. Munthu wobadwira ku Balaka, amene ali mwana madzi akuya kwambiri anawaona mu diramu! Callista ankamuseka choncho. Koma akakhala pafoni ndi achemwali ake kumudzi, ankadzitama mpaka foni kutentha.

Sitimayo inali kutali, kupitirira chilumba cha Rottnest, pamalo akuya pamene ngakhale masana pamakhala mdima. Za mmene inafikira pamenepo anthu ankanena zosiyana. Ena ankati inamizidwa dala nkhondo itatha, ilibe munthu. Ena ankati ayi, munali anyamata, ndipo akadali momwemo. Debbie, mayi wachizungu mwini boti limene linkanyamula odaiva, sankatsutsa aliyense. Ankangowauza kuti akaone, akajambule, koma asakatengeko kanthu, ngakhale msomali.

Galimoto inalowa pageti chisisira chitagwa. Stephano anatsika asanazimitse n'komwe magetsi. Milomo yake inali yotuwa ndi kuzizira, pamphumi pali mzere wa magalasi a m'madzi, koma maso ankawala ngati a mwana amene wagulidwa nsapato zoyamba. Anamunyamula Callista m'mwamba, foloko ikadali m'manja mwa mkaziyo, n'kumuzunguza.

"Mayi a Tawina, ndaiona! Ndaigwira ndi dzanja langali!"

Pambuyo pake panali Mutale, mnzake wa ku Zambia, amene ankaphunzira za miyala ku yunivesite. Pansi pa madzi awiriwa sankasiyana. Lamulo la odaiva ndi limenelo, aliyense amakhala ndi mnzake womuyang'anira.

Chakudya anadya choimirira, chifukwa Stephano sanathe kukhala pansi. Anafotokoza mmene anatsikira atagwira chingwe, madzi akusintha kuchoka pa obiriwira mpaka bii. Anafotokoza mmene kuzizira kunamulowera m'mano. Anafika poganiza kuti Debbie waponya nangula pamalo olakwika, pansi palibe kanthu. Kenako tochi inagunda chikhoma chachitsulo, chachitali kuposa tchalitchi, chitagona chammbali. Mfuti yake inali ikulozabe kumwamba, itamera ndere. Nsomba zikuluzikulu zinkalowa ndi kutuluka m'mawindo ngati eni nyumba. Callista anaiwala kuti mbale yake ikuzizira. Ankangofunsa kuti, ndiye kenako? Ndiye kenako?

Stephano anali atamangirira kamera pamutu. Anailumikiza ku TV, onse n'kukhala pamphepete pa mipando.

Munali mdima, ndi kuwala kwa tochi, ndi phokoso la mpweya wake. Sitima inatulukira monga ananenera, ndipo Callista anagwira pakamwa. Inalidi yokongola, mokongola mwa zinthu zoopsa. Kenako dzanja la Stephano linafika pa kachitseko kozungulira, kotseka, kodyeka ndi dzimbiri. Wowotcherera sadutsa chitsulo osachigogoda. Amafuna amve ngati n'chochindikala, ngati chili ndi mng'alu. Pa kanemayo Stephano anasolola mpeni n'kugogoda ndi chigwiriro chake. Ngo, ngo, ngo. Ndiye, paipi ya mpweya ili m'kamwa, anatulutsa liwu limene linatuluka ndi thovu koma lomveka ndithu. Anati odi.

Nyumba yonse inaphulika ndi chiseko. Tawina anathamangira ku TV akufuula kuti lowani, lowani. Koma Callista, amene khutu lake linazolowera kumva mwana akutembenuka m'chipinda china, anamva kanthu pansi pa chisekocho. Anapempha kuti abweze.

Anabweza. Onse anatchera khutu. Stephano anagogoda, anati odi. Panapita kamphindi. Ndiye kuchokera m'kati, pang'onopang'ono, mosathamanga: ngo. Ngo.

Stephano anadumpha pampando. Anati chitsulo chakale chimalira chokha madzi akachikankha, ndipo pa nkhani ya zitsulo pasapezeke womuphunzitsa. Koma zinamusangalatsa kuposa mfuti ija. Anabwezanso kawiri, akuwomba m'manja, akuti mwaona, ngakhale pansi pa nyanja Mmalawi amalandiridwa.

Mutale yekha ndi amene sanaseke. Anamufotokozera Callista kuti munthu akachokera pakuya chotero sathamangira kumwamba. Amakwera pang'ono n'kuima pachingwe, kudikira kuti mpweya woipa utuluke m'magazi, n'kukweranso, n'kuimanso. Akafulumira amafa ziwalo. Ndiye pa malo aliwonse amene anaima, iye akayang'ana pansi ankaona wina m'munsi mwa Stephano, atagwira chingwe chomwecho. Analibe tochi. Mutale anangoti ndi mmodzi wa azungu a m'gulu lawo. Atafika pamwamba anapeza azungu onse ali kale m'boti, akumwa tiyi.

"Ba mulamu, ine ninaona munthu," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Tikaima, nayeve aima. Tikakwera, nayeve akwera. Manje ni munthu bwanji wamene satulutsa thovu?"

Stephano anamumenya paphewa. Anati pakuya mpweya umaledzeretsa, aliyense amadziwa, ndipo Mutale ndi munthu woledzera ngakhale ndi thobwa.

Mutale atapita, Callista anatuluka kukatsuka masuti a labala aja ndi madzi a pampopi. Apa n'kuti nyali za mumsewu zitayaka kale. Akuyanika, anaona pageti pali ponyowa. Tsiku lonse mvula sinagwe. Anaganiza kuti ndi madzi odontha m'galimoto, koma galimoto imadutsa pakati. Ponyowapo panali kunja, chammbali, pafupi ndi bokosi la makalata, pamene munthu amaima akamadikira. Panamveka fungo la nyanja ndi dzimbiri. Anaviika chala n'kulawa. Mchere.

Atatembenuka anaona Tawina ali pazenera, mphuno itakanikizika pagalasi, akubayibitsa. Sankabayibitsa mayi ake. Maso ake anali kugeti.

"He's cold, Mum," anatero Tawina, mayi ake atalowa. Akuti bamboyo akuzizidwa.

Lamlungu foni ya Stephano sinapume. Kanema uja anali atafika m'magulu onse a Amalawi a ku Perth, ndipo anali atawoloka kale mpaka ku Lilongwe. Anyamata a m'madepoti a ku Kewdale ankaimba kufunsa kuti makosiwo amayambira pati. Kutchalitchi, azibambo anamuzungulira panja, aliyense akufuna amve yekha kugogoda kuja. Achemwali ake a Callista anatumiza uthenga woti mudzi wonse waonera, ndipo amalume akuti mkamwini wawo ndi ng'ona. Callista anaseka nawo, ananyadira nawo, pakuti ndani sanyadira? Koma maso ake sanasiye ntchito. Pobwerera ku galimoto pa tchalitchi, pambali pake panali ponyowa. Ataima pa shopu kugula mkaka, potuluka anapezanso ponyowa. Magalimoto ena onse anali pouma.

Madzulo ake ndi pamene anamuona.

Ankatseka makatani. Pansi pa nyali ya mumsewu, pambali pa bokosi la makalata, panaima mnyamata. Anali mzungu, wamng'ono kwa Stephano, mwina wamng'ono kwa iye amene. Malaya anamumata pathupi, akudontha. Chipewa chinali m'manja. Sankasuzumira nyumba ngati wakuba. Anaima chammbali pang'ono, mutu utawerama, mwaulemu. Nyali inkamuwalira koma pansi panalibe chithunzithunzi chake. Basi inadutsa ndi mphepo yake, tsitsi lake osagwedezeka.

Callista anapita kuchipinda. Stephano ankalongedza chikwama, chifukwa m'mawa mwake inali ndege ya ku mgodi. Anabwera pazenera, anayang'ana, n'kunena kuti akungoona ponyowa basi, mwina paipi ya khonsolo yaphulika. Anabwerera kuchipinda, Callista akumutsatira, akukangana motsitsa mawu kuti mwana asamve. Ali m'kati mokangana anamva mpando ukukokedwa. Kenako loko wa chitseko chakumaso anati khetye.

Tawina anali kale pakati pa bwalo, wopanda nsapato, akukoka bulangeti lake la timikango. Ankaitana ndi mawu ake onse kuti lowani, lowani. Callista anaona mnyamata uja akupukusa mutu. Kulowa anakana. Koma anawerama, n'kutambasula dzanja kudzera pakati pa zitsulo za geti.

Callista sakumbukira kuti anatsika bwanji masitepe. Anangopezeka wamukumbatira mwanayo, akubwerera chambuyo. M'nyumba, pansi pa getsi, anatambasula kadzanja kake. Zala zinali zozizira ngati zochokera mu firiji, zonyowa, ndipo nsonga zake zinali zitachita makwinya ngati za munthu amene wakhalitsa m'madzi. Stephano ananunkhiza. Sanatchulenso za paipi ya khonsolo.

Anakhala pansi onse, mwana ali pakati, chitseko atachitchinga ndi tebulo. Callista sankalira. Ankaganiza. Kaimidwe kaja anali atakaonapo. Munthu woima chammbali, chipewa m'manja, amene ukamuuza kuti alowe amakana, koma kuchoka sachoka. Anakaona kuti?

Anakaona kwa bambo ake omubala, kwa Utale. Bambo akewo mlendo sankamusiya kutuluka yekha. Ankamuperekeza, ndipo sankabwerera mpaka mlendoyo atanena yekha kuti zikomo, bwererani pano. Kubwerera usanauzidwe kunali ngati kumuthamangitsa munthu. Tsiku lina kunabwera mlendo wolongolola, amene nkhani zake zinamuiwalitsa mawuwo. Bambo ake anayenda naye mpaka ku Balaka, anakaima panja pa nyumba yake, kenako anabwera pa kabaza kutada, mayi atakwiya. Nkhaniyo pamudzi amaisekabe.

"Bambo a Tawina, pochoka kuja munatsanzika?"

"Kutsanzika ndani?"

"Munagogoda pakhomo pa eni ake. Anakuyankhani. Pochoka anakupatsani mnyamata woti akuperekezeni, monga amachitira anthu aulemu. Inu munamuuza kuti abwerere?"

Stephano anayesa kunena kuti azungu zoperekezana sazidziwa, amangotseka chitseko mlendo akadali pakhonde. Callista anamuyankha kuti wogogoda mwachikwathu amayankhidwa mwachikwathu.

Mwamunayo anavala jekete, anatuluka, anakaima patali pang'ono ndi geti. Analankhula kwa mpweya, manja atawagwira kutsogolo. Anati zikomo bwana, ndafika, bwererani. Anabwerezanso m'Chingerezi. Callista ankayang'ana pazenera. Mnyamatayo anadzutsa mutu. Anayang'ana kumanzere, kumene kuli siteshoni ya sitima zapamtunda. Anayang'ana kumanja, kumapiri. Anayang'ananso kumanzere. Ndiye anaweramitsanso mutu, osasuntha.

Apo Callista anamvetsa zonse. Mnyamatayo sankaidziwa njira. Stephano anabwera naye pa boti, kenako pa galimoto, mpaka ku Midland, kumene ngakhale fungo la nyanja silifika. Ndipo m'mawa Stephano akwera ndege. Pakhomo patsala iye ndi mwana, mwana amene wamupatsa kale dzanja. Munthu wosochera amagwira dzanja lililonse limene lamutambasukira. Tsiku lina adzatopa kudikira, adzauyamba ulendo wofuna kwawo, ndipo sadzapita yekha.

Callista anamuuza Stephano kuti ndege ipite, ibwera ina. Woperekezayo amubweze pamene amadziwa.

Mwanayo anagona atamangidwa kwa mayi ake ndi chitenje. M'mbandakucha, mbalame za kuno zoseka ngati anthu zisanayambe, anatuluka. Tawina anamumangirira pa mpando wake kumbuyo, Callista n'kukhala pambali pake atamugwira mwendo. Stephano anatulutsa galimoto, anaima pageti, anazungulira n'kutsegula chitseko chakutsogolo. Mlendo sakhala kumbuyo.

Anadikira. Galimoto inatsika pang'ono mbali imeneyo.

Atangonyamuka, kabelu ka lamba kanayamba kulira. Ting, ting, ting. Kamalira choncho pampando pakakhala munthu wosamanga lamba. Stephano anayang'ana mkazi wake pagalasi. Anaima pambali, anatambasula dzanja pamwamba pa mpando umene iye ankauona wopanda munthu, anakoka lamba n'kumumanga. Kabelu kanasiya. Lambayo sanagone pampando. Anaima motukuka, ngati wazungulira chifuwa.

Magalasi anachita nthunzi m'kati. Hita inali pamapeto koma mpweya wawo unkaoneka ngati utsi. Callista ankaona kumbuyo kwa mutu wa mnyamatayo, tsitsi lomata, madzi akutsika m'khosi. Tawina ankamuimbira nyimbo ya ku sukulu ya mkaka.

Ndiye Stephano, munthu wosatha kukhala chete, anayamba kucheza ndi mlendo wake. Mawu ankanjenjemera koma chimwemwe chija chinali chisanamuthere. Anamusonyeza mtsinje, anamusonyeza bwalo la mpira, anamusonyeza nyumba zazitali za m'tauni, akuti zonsezi kunalibe nthawi yanu, bwana. Anamuuza kuti sitima yawo ndi yokongola, ndipo amene anaiwotcherera ankaidziwa ntchito, mizere yake ikadali yowongoka mpaka lero. Anatembenukira kumbuyo, maso akuwala, n'kufunsa Callista kuti ndani pa anzake onse ananyamulapo munthu wotere m'galimoto.

"Yang'anani kutsogolo, bambo inu," anatero Callista. Koma anaona kuti pa mawu a zowotcherera aja mnyamatayo anagwedeza mutu.

Anafika ku gombe la pafupi ndi doko la Fremantle, kumene boti la Debbie linanyamukira. Kum'mawa kunali kutayamba kufiira. Panalibe munthu, kupatula wina woyendetsa galu kutali. Nyanja inali yotuwa, mafunde aang'ono, mphepo yoluma. Stephano anamasula lamba, anatsegula chitseko. Galimoto inakwera pang'ono mbali ija. Callista anabereka mwana kumbuyo, anamanga chitenje mfundo ziwiri.

Anayenda pamchenga, Stephano patsogolo, pambali pake mapazi akudindika okha. Mnyamatayo tsopano ankayenda mofulumira, mutu uli m'mwamba, ngati ng'ombe imene yanunkhiza khola. Anafika pamene mchenga umanyowa. Callista anaima. Ankayembekeza kuti mwamuna wake aimanso.

Sanaime. Analowa m'madzi ndi nsapato zake za kumgodi, akulankhulabe, akusekabe. Madzi anafika m'mawondo. Callista anamuitana, koma sanacheuke. Madzi anafika m'chiuno. Madzi a Ogasiti, amene dzana lake anawalowa atavala labala wochindikala, lero ankawayenda ndi jinzi ngati akuyenda mumsewu.

Callista anazindikira chimene sanachiganizire usiku wonse. Zinthu zinali zitatembenuka. Tsopano woperekeza anali Stephano, mwana woleredwa bwino wa ku Balaka, ndipo woperekeza sabwerera asanauzidwe. Nanga womuuza ndani? Mnyamatayo, chibwerere, sanatulutsepo liwu. Akanaperekezana choncho mpaka pa kachitseko kaja.

Madzi anafika pachifuwa.

Callista analowa. Kuzizira kunamuluma ngati mpeni, mwana kumsana anayamba kulira. Anayenda mpaka madzi anamufika m'ntchafu, ndipo kupitirira apo sakanatha, chifukwa cha mwanayo. Anapinda mawondo pang'ono monga amachitira pamaso pa akulu. Anawomba m'manja mwaulemu, manja atawakumba, kuti phokoso lipite patali pamwamba pa madzi. Phu, phu, phu.

Mnyamata uja anaima. Anacheuka. Aka kanali koyamba kuti Callista aone nkhope yake bwinobwino. Inali ya mwana, mwana wa munthu wina, amene mayi ake anamudikira mpaka kutopa.

"Achimwene," anatero Callista, mano akugundana, "munatiperekeza mpaka kwathu, ife takuperekezani mpaka kwanu. Palibe amene watsala ndi mangawa. Apa ndi pakati. Awa ndi bambo a mwanayu, abwerere. Inu pitani, akukudikirani anzanu. Mukawauze kuti tinafika bwino."

Funde linabwera, linadutsa. Mnyamatayo anayang'ana Stephano, anayang'ana mwana amene ankasuzumira paphewa pa mayi ake. Anayang'anitsitsa mwanayo nthawi yaitali, moti Callista anagwira mfundo ya chitenje ndi manja onse awiri. Kenako anakweza chipewa chake, anachivala. Anamugwira Stephano paphewa n'kumutembenuza, kuti ayang'ane kumtunda. Funde lina linabwera. Litadutsa, pamalopo panali madzi okha.

Stephano anakuwa ngati wathiridwa madzi ali mtulo. Kuzizira konse kunamugwera nthawi imodzi. Anabwera akupunthwa, akugwa, akudzuka, mpaka anamugwira mkazi wake, onse atatu n'kukagwera pamchenga. Ankalira ndi kuseka pamodzi. Ankati dzanjalo analimva, analimva ndithu paphewa, Mutale akamva afa. Callista ankangomumenya pamsana ndi chibakera.

Anadzuka kuti azipita. Ndiye Stephano, milomo ili bii, thupi lonse likunjenjemera, anatembenukira kunyanja. Anakweza dzanja. Mawu anatuluka okha, monga amatulukira kwa aliyense woleredwa kwathu akamasiyana ndi mlendo panjira.

"Muyende bwino, bwana. Mudzatiyenderenso."

Callista anamutseka pakamwa. Koma mawu anali atapita kale pamadzi.

Nkhaniyi Amalawi a ku Perth amaikamba motsitsa mawu, pa maphwando a ana ndi panja pa tchalitchi. Ena amati Stephano anakwera mofulumira pachingwe, mpweya unamusokoneza mutu, ndipo mkazi wake anangotengera. Ena amati manda ndi manda, kaya ali pansi pa mitengo kaya pansi pa madzi, sugogoda. Mayi Consolata, amene amagwira ntchito kosamalira okalamba ku Midland komweko, amati iwo anauona mpando wa galimotoyo ndi maso awo. Unauma n'kusiya mzere woyera wa mchere, wooneka msana ndi miyendo ya munthu, ndipo otsuka magalimoto analephera kuuchotsa. Mutale anagulitsa masilinda ake onse. Stephano akudaivabe, ndipo akayamba kufotokoza za sitima ija maso ake amawala chimodzimodzi. Koma akamapita kunyanja, mpeni amausiya m'galaja.

Pageti sipananyowenso. Chilimwe chinabwera ndi kutentha kwake, chinapita. Masewera a odi m'nyumbamo anatha, Callista anawaletsa, ndipo pachitseko anaikapo loko wina pamwamba, pamene mpando sufika. Wina akagogoda, iye sayankha msanga. Amayamba wayang'ana pansi pa chitseko, kuona ngati pakulowa madzi.

Kuzizira kwayambanso. Masiku ano, dzuwa likamalowa, Tawina amapinda bulangeti lake la timikango n'kukaliika pazenera loyang'ana kugeti. Mayi ake atamufunsa kuti n'la ndani, anayankha osacheuka, m'Chingerezi chake chija. Anati n'la mlendo. Adadi anamuitana.